Siginala, Mayi Geni ndi Napolo: zidole za dothi ndi zigoba za ku Senga Bay, momwe zayendera

6 Julayi 2024, kutola

Ndineneretu kuti ine si mmisiri ayi. Dothi ndinalisiya ndili sitandade 4, nthawi ija tinkaumba ng'ombe kudambo n'kumazimenyanitsa mpaka nyanga kuthyoka. Chandibweza ndi nyanja. Chaka chino madzi anakwera zedi, amene munafika ku Senga Bay cha mu Epulo munaona nokha, mchenga womwe tinkakhalapo unamira, mipanda ina ili m'madzi, ndipo a zamadzi ankati nyanja yadutsa mamita 476 kuyerekeza ndi pomwe pali nyanja yamchere. Pano madzi ayamba kubwerera, nde mwera ukawomba usiku, m'mawa mumapeza mzere wautali wa zinthu zomwe nyanja yalavula, bango, zikuni zosalala ngati wina wachita kuzipala, mapatapata a mwendo umodzi, zidutswa za ukonde, zitsekero za mabotolo, ndi zigoba za nkhono zosawerengeka.

Ndanyamuka pa Kamuzu Road, ku Salima tawuni, m'mamawa, thiransipoti K4,000 kupita ndi kubwera. Ndatenga jumbo ziwiri ndi kachidebe. Ana atatu anandiona ndikuwerama werama, anayamba kunditsata akundiseka, kenako anayamba kutola nawo, ndawapatsa K1,000 agawane.

Zigoba zilipo za mitundu itatu zomwe ndasankha. Zazikulu zonenepa zija, zolimba ngati mwala, a sayansi amati Lanistes nyassanus ndipo zimapezeka m'nyanja yathu yokhayi. Kenako timizere tosongoka ngati sikulu, tating'ono. Kenako zophwatalala zamapasa zija zotseguka ngati buku, mkati mwake mowala. Ndatola zokhazo zomwe zili kumtunda zouma kale. Zapansi pa madzi ndazisiya, muli tinsomba tomwe timakhala m'zigoba zazikuluzo ngati nyumba, komanso ine likodzo linandigwirapo kale, sindikufunanso kumwa mapilitsi aja. Ndipo amene mukufuna kutengera, musakatole ku zilumba za Maleri kapena kwina konse mkati mwa Lake Malawi National Park, paki ija ndi yotetezedwa kuyambira 1980, simuloledwa kuchotsamo zinthu.

Pulani inali yopanga chidole chimodzi basi. Koma chigoba china chachikulu chobooka pambali nditachiyang'ana ndinaona chipewa cha siginala, mkulu uja amakhala pabwato laling'ono ndi nyali usiku kuitana usipa, anzake asanakoke ukonde wa chilimira. China chophwatalala chinali beseni la amayi a geni lenileni. Ndiye muzu wina wopindika katatu, wautali ngati mkono wanga, uwo sunafunenso kuganiza, ndi Napolo. Ndabwerako ndi anthu atatu m'jumbo.

9 Julayi, fungo

Ndinasiya jumbo pakhonde osamasula. Tsiku lachitatu mayi akunyumba anandifunsa ngati pali khoswe wafera kudenga. Zigoba zina zimaoneka zouma kunja koma mkati mwenimweni, mopindika muja, mumakhala mutatsalira nyama.

Apa ndinapanga uchitsiru woyamba. Ndinagula viniga K2,500 poganiza kuti achotsa fungo ndi ndere, ndinathira m'mbale n'kuponyamo zigoba khumi zabwino kwambiri zija. Zinayamba kuchita thovu ngati mwathira soda mu therere, ine n'kumati eya zikuyera. M'mawa timizere tija tinali titapyapyala ngati pepala, tiwiri titabooka, chachikulu chimodzi chitatuwa ngati choko. Chigoba ndi mtundu umodzi ndi mwala wa laimu, viniga amachidya. Musayerekeze.

Chomwe chagwira ntchito n'chaulere. Ndinayala zigoba pafupi ndi una wa nyerere kuseri kwa bafa, n'kuvindikira ndi lichero lakutha kuti nkhuku zisamwaze, masiku awiri nyerere zinali zitakomba zonse. Kenako Jik, K4,200 botolo, kapu imodzi m'makapu khumi a madzi, kuviika maola atatu okha, kutsuka ndi mswachi wakale, kuyanika pamthunzi. Gulu lina ndinaliiwala mu Jik usiku wonse, kakhungu kabulawuni ka pamwamba kanachoka konse zinatsala zoyera mbee. Sizoipa, koma mtundu uja subwerera, nde sankhirenitu zomwe mukufuna zikhale zoyera.

13 Julayi, kwa agogo

Dothi la kuseri kwa nyumba yanga ndi mchenga wokhawokha, silimata. Mnzanga wa kuntchito anandilozera kwa agogo ena oumba mbiya, mudzi wina kunja kwa tawuni, kabaza K2,500 kupita ndi kubwera ndi ndowa kumbuyo.

Ndinawapeza akukulungiza mphika ndi kamwala kosalala. Nditalonjera n'kufotokoza chomwe ndabwerera anandiyang'ana kaye nthawi ndithu.

"Bambo wamkulu ngati inu, ndevu zonsezi, zidole?"

"Eya agogo, koma zoika pa shelefu, zokongoletsa."

"Akazi anu akudziwa?"

Anaseka mpaka kutsokomola, koma anandigulitsa ndowa ya dothi la mtapo K3,000, lotuwa lomata, ukalifinya limatuluka pakati pa zala ngati nsima ya kondowole. Anandionetsa momwe amachitira, kulinyika kaye masiku awiri, kuchotsa timiyala ndi timizu ndi zala, kulisinja pa mwala ndi munsi, kenako kusakaniza ndi mapale osinja, ndiye kuti zidutswa za mbiya zakale zosweka zomwe asinja n'kusefa. Akuti dothi lopanda mapale ndi lamwano, limang'aluka. Muyezo wawo ndi wa manja, manja anayi a dothi dzanja limodzi la mapale.

Nditatulutsa zigoba kuwaonetsa anagwira chimodzi, kuchitembenuza, n'kunena mawu omwe ndikanawamva bwenzi nditapulumutsa mwezi wathunthu. "Ichi ndi cha m'madzi mwanangu, dothi ndi la pamoto. Musaziphike mumphika umodzi." Ine ndinangoti chabwino agogo, mumtima ndikuti awa azolowera miphika, za luso lamakono sangazidziwe.

Mapale anandipatsa pang'ono m'kajumbo ka shuga. Ndinaona ngati ndi ochepa, ndiye pofika kunyumba ndinawonjezera mchenga wa kunyanja womwe unatsalira pansi pa chidebe chija. Kumbukirani mchenga umenewu, ubweranso.

21 Julayi, ming'alu

Ndaumba onse awiri Lachiwiri madzulo, siginala ndi Mayi Geni, aliyense wamtali ngati botolo la Fanta. Mkati ndinaika waya wa m'matayala kuti aime, dothi ndinaliunjika lathunthu lopanda mphako, zigoba ndinazikanikiza dothi likadali lonyowa, maso, mabatani, chipewa, beseni pamutu. Anaoneka bwino moti ndinajambula n'kuika pa sitetasi ya WhatsApp, anthu n'kumati dolo.

Lachisanu ndinapeza mng'alu kuzungulira chigoba chilichonse, ngati nthaka ya kudambo mu Okutobala. Khosi la Mayi Geni linaduka, mutu unangotsala lende pa waya. Mikono ya siginala inang'aluka motsata waya kuchokera paphewa mpaka pachala.

Kuti ndimvetse ndinapanga kathabwa ka dothi, ndinalemba mzere wa masentimita 10 ndi rula ya mwana, n'kukasiya. Katauma mzere uja unali 9.3. Ndiye kuti dothi likamauma limakhwinyata, koma chigoba ndi waya sizisuntha, dothi limakoka mpaka kudzing'amba lokha. Chinanso ndinawasiya pakhonde pomwe mwera umawomba, zala ndi mphuno zinauma tsiku limodzi mimba ikadali yonyowa.

Mayi Geni ndamuphwanya n'kumubweza mundowa, dothi losawotcha ukalinyika limabwerera. Siginala ndinamumata ming'alu ndi phala la dothi, chifukwa cha makani basi.

28 Julayi, mbaula

Limeneli ndiye tsiku loti ndisamalikumbuke. Makala a K3,500, mbaula yayikulu ya mayi akunyumba, siginala pakati, makala pansi ndi pamwamba, ine n'kumakupiza ndi chivindikiro cha ndowa kuti moto ukwiye.

Sipanathe mphindi khumi ndi zisanu, phuu! Ngati munthu waponya botolo pamoto. Chidutswa cha mimba chinauluka kukagwa pafupi ndi khola la nkhunda, galu wa aneba anathawa akulira. Mwamwayi mwana wanga anali kumbuyo kwanga, chikanamulasa m'maso bwenzi tikunena zina. Mimba ija inali yochindikala ngati chibakera, kunja youma koma mkati muli chinyezi, madzi atawira analibe potulukira.

Ndinasiyabe zotsalazo pamoto kuti ndione mapeto ake. Madzulo nditafukula phulusa, mutu unali utapsa bwino, wofiira, ukaugogoda ndi supuni ukulira ngwee. Koma zigoba! Chipewa chija, chigoba chomwe chinayambitsa nkhani yonseyi, chinali chotuwa chosweka mizere mizere, nditangochikhudza chinafumbutuka ngati bisiketi yonyowa. Maso anasanduka ufa woyera. Moto waukulu umasandutsa chigoba kukhala laimu, momwe amawotchera miyala ya laimu muja. Agogo ananena. Ndinakhala pa mpando wa ndalema mpaka mdima osayankhula, mayi akunyumba anangobwera kudzatenga mbaula yawo n'kufunsa ngati makala atsalako ophikira nyemba.

Aneba nawo anasuzumira pa mpanda ataona kamutu ka munthu m'phulusa. Mawa lake mwana wawo sanabwere kudzasewera. Ndinachita kupita ndekha ndi zithunzi za pafoni kukafotokoza kuti si zamankhwala, ndi zokongoletsa, anangoti "oho" wa mtundu uja woti sanakhutire.

4 Ogasiti, mchenga uja

Kamutu kofiira kaja ndinakasunga pawindo ngati chikumbutso. Sabata imodzi yokha kayamba kutuluka zipsera, timaenje tating'ono, kachidutswa kakuthothoka kokha, ndipo pansi pa kadzenje kalikonse pali kadontho koyera. Tsaya lonse lili ngati munthu wodwala nthomba.

Ndinatenga mchenga wotsala n'kuuyala pa pepala lakuda, muli tizidutswa ta zigoba tambirimbiri. Ndiye tomweto tinapsa mkati mwa dothi n'kukhala laimu, laimuyo akamayamwa chinyezi cha mumpweya amafufuma n'kukankha dothi. Ndinathira dontho la viniga wotsala uja pa mchengawo, thovu. Viniga wapeza ntchito tsopano, mchenga uliwonse musanausakanize ndi dothi muuyese choncho, ukachita thovu utayeni.

Dothi lonse la mundowa linali losakaniza kale ndi mchengawo. Lapita kukamata chisa cha nkhuku.

10 Ogasiti, kubwerera ndi manyazi

Thiransipoti ina K4,000 kukasaka chipewa china. Madzi atsikanso, mzere wa zinyalala uja wasuntha, ndipo zigoba zazikulu zachepa. Ndinayenda mpaka komwe amakocheza mabwato, pa matandala oyanikapo usipa, ndinapeza chimodzi chobooka koma chaching'ono kuposa choyamba chija. Ndinakhalanso kanthawi kuyang'ana siginala weniweni akukonza nyali zake, masiku ano ambiri ndi mababu a batire osati nyali za palafini zija, wavala jekete ziwiri ndi chisoti cha ulusi dzuwa likuswa mtengo, maso ofiira chifukwa chosagona. Ndinazindikira kuti wanga woyamba uja ndinamuumba ataima chilili ngati msilikali, pomwe munthuyu moyo wake wonse ndi wokhala pansi atapinda msana. Mwina kuphulika kuja kunandithandiza.

Pobwerera ndinadzera kwa agogo, kabaza K2,500, ndowa ina K3,000. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangofunsa kuti "Chinalira bwanji?" nditati phuu anagwedeza mutu n'kuti bola sichinapweteke mwana. Ulendo uno mapale ndinasinja ndekha pa mwala wawo mpaka matuza.

18 Ogasiti, njira yatsopano

Ndilembe bwinobwino apa chifukwa ndi pomwe zinthu zinayamba kuyenda.

Waya ndachotsa. Mkati ndikuika mpira wa nyuzipepala wofinya pang'ono, osati wolimba, kuti dothi likamakhwinyata pepala lizivomera, ndipo pamoto lidzapsa lokha. Khoma la dothi lisapose chala cha mkombaphala kuchindikala, paliponse. Pansi ndikusiya bowo loti chala chilowe, ndipo m'mutu ndabaya timabowo tiwiri ndi singano ya njinga mobisika kuseri kwa makutu.

Zigoba ndikuzikanikiza pa dothi lonyowa monga kale, koma ndikuzigwedeza pang'ono uku ndi uku kuti malo ake akule, kenako n'kuzichotsa. Kugwedezako n'kofunika, mukangodinda n'kuchotsa, dothi likauma malo aja amachepa chigoba sichilowanso. Chigoba chilichonse ndachilemba nambala ndi pensulo mkati, nambala yomweyo ndalemba pa pepala lomwe ndajambulapo chidolecho, zonse zili mu thireyi ya mazira. Zikumveka ngati ntchito ya ukalaliki koma pakatha masabata awiri simungakumbuke kuti diso lamanzere linali liti.

Ziwalo ndaumba padera. Mutu payekha ndi kakhosi kolowa m'thupi, mikono payokha ndi timabowo todzalowetsa chingwe cha ukonde. Siginala wakhala pansi tsopano, msana wopinda, maondo m'mwamba, adzakhala pa kachikuni kooneka ngati bwato. Mayi Geni ndamupatsa chiuno cha munthu wodya bwino, dzanja limodzi m'chiuno, lina lili pakhutu ndi foni, pakamwa pali yasaa, akukalipira munthu wa ku Lilongwe yemwe sanatumize ndalama ya usipa wa sabata yatha. Chitenje chake ndadinda ndi timizere tosongoka tija, kugubuduza pa dothi, zatuluka maluwa okongola omwe sindikanatha kujambula ndi dzanja.

Kuyanika, pansi pa bedi, atafunda jumbo masiku anayi oyamba, kenako kansalu, kenako pamtunda. Dothi litalimba ngati sopo ndinakulungiza nkhope ndi mikono ndi kumbuyo kwa supuni mpaka kuwala. Agogo anati muyeso wake ndi tsaya, ukachigunditsa patsaya n'kumva kuzizira ndiye kuti madzi akadalimo.

31 Ogasiti, kuwotcha kwa agogo

Ndinapempha kuti anthu anga alowe nawo pa moto wa mbiya zawo, anavomera bola ndibweretse ndowe zouma za ng'ombe ndi makungwa, zomwe ndinatola ulere. Kabaza wa tsiku limeneli analipira mlamu wanga yemwe anafuna kudzaonerera, nde sindikumuwerengera.

Kusiyana kwake ndi mbaula yanga ndi kuleza mtima basi. M'mawa wonse zinthu zinangokhala padzuwa. Kenako anasonkha kamoto kakang'ono n'kuzindandalika mozungulira, patali, akumazitembenuza n'kumazisendeza pafupi pang'onopang'ono, mwina ola ndi theka, mpaka zinatentha zosagwirika ndi manja. Apo m'pomwe anayala nkhuni, mbiya chozondoka, zidole zanga anazilowetsa mkati mwa mphika wosweka kuti nkhuni zisazigwere, pamwamba makungwa, ndowe, udzu. Anadikira mphepo igwe madzulo asanayatse. Moto weniweniwo sunathe ngakhale ola.

Ndinali nditabweretsa mankhusu a mpunga a ku chigayo, kuno ndi Lifuwu pafupi mankhusu savuta. Siginala akadali wamoto tinamutulutsa ndi mitengo iwiri n'kumukwirira m'mankhusumo, utsi tolo, patatha mphindi zochepa anatuluka wakuda bii, wonyezimira pomwe ndinakulungiza paja. Munthu wa usiku ayenera kukhala choncho. Mayi Geni tinamusiya wofiira, ali ndi banga lakuda pa phewa pomwe chikuni chinatsamira, ndalikonda, sindilichotsa.

Zonse zatuluka zamoyo kupatula dzanja la foni lomwe linathyoka chala chimodzi. Kathabwa koyesera kaja ndinakaponyamonso, mzere wafika 9.2, ndiye kukhwinyata kwambiri kumachitika pouma osati pamoto.

7 Sepitembala, guluu ndi makutu

Ndayesa mitundu inayi, ndalama zapita apa.

Supa guluu, timachubu titatu K1,800. Dothi lowotcha lili ngati siponji, limamwa guluu yense chigoba chisanagwire, ndipo pa siginala wakuda uja wasiya chifunga choyera kuzungulira diso chomwe ndachita kupala ndi sandipepa, K1,200. Guluu woyera wa akalipentala, K3,800, amagwira koma amachedwa, chigoba chimatsetsereka usanamalize kuwerenga. Ntchito yake yabwino ndaipeza ndi ina, kumusungunula ndi madzi n'kupaka m'kadzenje kokhalamo chigoba muja kaye, akauma dothi silimwanso. Guluu wa mfuti, wosungunuka ndi kutentha uja, mfutiyo ndinabwereka, timakandulo ta guluuyo K2,000, ndi wachangu zedi ndipo ndinamata naye mabatani onse ndi beseni mosangalala. Za ameneyu tidzakambanso. Womaliza ndi epokisi wa machubu awiri osakaniza, K8,500. Wodula koma ndi yekhayo amene ndikumukhulupirira, ndipo ukamusakaniza ndi fumbi la mapale amatseka mpata pakati pa chigoba ndi dothi osaoneka n'komwe. Sakanizani pang'ono pang'ono, ngati njere ya nyemba, woyamba ndinasakaniza wambiri anauma pa chitsekero ndisanamate chachitatu.

Tsopano nkhani ya makutu, yomwe inandidya madzulo onse. Ndinkafuna siginala akhale ndi makutu a tizigoba tiwiri ta mtundu waukulu uja, tating'ono. Lakumanzere linakhala bwino. Lakumanja, ndingalitembenuze bwanji, limayang'ana kumbuyo kapena pansi. Ndinakhuthula thireyi yonse kusaka lina, zonse chimodzimodzi. Zigoba za mtundu umenewu zonse zimapindikira mbali imodzi, mukachigwira nsonga m'mwamba kamwa lake lili kumanzere, pomwe timizere tosongoka tija kamwa lili kumanja. Palibe chomwe chingakhale mnzake wa pagalasi. Pa dothi lonyowa sindinazione chifukwa ndinadinda khutu limodzi lokha, linalo ndinati ndidzaona.

Chilichonse chofuna kumanja ndi kumanzere, makutu, mapiko, nsapato, gwiritsani zamapasa zophwatalala zija, ndipo potola muzisunge zili ziwiriziwiri, mumange ndi ulusi. Ine zamapasa zazing'ono ndinalibe. Siginala ali ndi khutu limodzi, mbali inayo ndatsitsa chipewa ndi kachidutswa ka ukonde. Mwana wanga akuti linalo linadyedwa ndi kampango, nkhani yatha choncho.

Kuboola zigoba, msomali umaswa, ndaswa zisanu. Njira yabwino ndi kukhuta pomwe mukufuna bowo pa simenti yonyowa ya pakhonde, mozungulira, mpaka patapyapyala n'kutseguka pokha. Nyowetsani ndithu, fumbi lake si labwino kupuma.

22 Sepitembala, Napolo

Uyu ndinkamuopa koma ndi amene wavuta pang'ono pa dothi, chifukwa thupi lake nyanja inapanga kale. Ine ndangoumba mutu ndi nsonga ya mchira, zinapsa limodzi ndi anzake aja.

Vuto linali muzu. Nditautulutsa kuseri kwa chitseko komwe unakhala kuyambira Julayi, pansi panali kamulu ka ufa wa mtengo, wafumbwa. Ndinaukulunga mu pulasitiki yakuda n'kuuika padenga la malata masiku atatu, kenako palafini wa K2,000 ndi jekeseni yakale m'bowo lililonse. Ndauika pa pepala loyera sabata yathunthu, ufa sunagwenso. Fungo la palafini lidakalipo pang'ono, ndipo epokisi sagwira pomwe pali palafini, ndinachita kupala kaye malo onse omata.

Mamba ndi zigoba. Ndinapitanso kunyanja kachitatu, K4,000, kukatola zoswekasweka zomwe poyamba ndinkazidumpha, zamapasa zothyoka zowala mkati. Kuyambira kumchira kupita kumutu, chilichonse chikuphimba chinzake ngati malata. Ndinayamba kuwerenga, nditadutsa 200 ndinasiya. Epokisi wachiwiri K8,500 wathera pamenepa. Mano ndi timizere tosongoka, lilime ndi lamba wofiira wa patapata, ndevu ndi chingwe cha ukonde chomasula, maso ndi magalasi awiri obiriwira a botolo omwe mchenga unawakhuta mpaka kusiya kucheka.

Mayi anga atabwera kudzacheza anamuyang'ana n'kunena kuti Napolo palibe anamuonapo nkhope, anthu amangoona njira yomwe wadutsa, ngati ku Phalombe mu 1991, miyala ndi matope basi. Anafunsa kuti nanga iwe nkhopeyi waitenga kuti. Ndinalibe yankho, mutuwo ndinatengera ng'azi ndi mbuzi ya aneba. Anati ndisamamuike kuchipinda chogona. Ali pabalaza, pamwamba pa kabati.

13 Okutobala, kutentha

Amene mumaidziwa Salima mwezi uno mukudziwa. Nyumba yanga ndi ya malata yopanda siling'i. Lachitatu pobwera kuntchito ndinapeza beseni la Mayi Geni lili pansi, losweka pakati, mabatani a siginala atatsetsereka kufika pamimba, guluu wa mfuti uja atafewa ngati chingamu. Zonse zomwe ndinamata ndi iye ndazichotsa, amachoka mosavuta, n'kumatanso ndi epokisi wotsala pansi pa chubu. Beseni ndalilumikiza, mzere ukuoneka, ndaubisa ndi "usipa" wa tizidutswa ta waya wa aluminiyamu ndi mamba owala. Likuonekanso bwino kuposa kale, beseni la geni lopanda chigamba ndi la munthu woyamba kumene.

Vanishi ndiye ndalama ina yotaya, kachitini K6,500. Ndinayesa kaye pa mchira wa Napolo, mwamwayi, zigoba zoyera zinasanduka zachikasu ngati mano a fodya ndipo kuwala kwa mkati kuja kunafa, zikungooneka ngati pulasitiki. Mamba khumi ndi awiri ndachita kuwazula n'kuika ena. Chomwe chikuyenda ndi kadontho ka mafuta odzola ana pa kansalu, kupukuta zigoba zokha, mtundu umadzuka. Dothi lokulungiza silifuna kanthu.

Ndawerengera zonse, zakwana K68,500, osawerengera nthawi ndi mbaula yomwe inapindika pansi. Mwa imeneyo K16,300 ndi ya viniga, makala, supa guluu, timakandulo ndi vanishi, zomwe wina wotsata pambuyo pangayu sayenera kugula n'komwe.

Mnyamata wina wogulitsa ziboliboli mumsewu wa ku Senga Bay anaona zithunzi, akuti Mayi Geni angayende msanga kwa alendo koma ndichepetse sayizi kuti azilowa m'chikwama, ndipo Napolo sangamutenge chifukwa mamba angathothoke panjira. Mayi akunyumba akuti Mayi Geni sapita kulikonse, akufanana ndi azakhali awo. Agogo ndinawapititsira siginala kuti amuone, anamutembenuza, anamugogoda ndi chikhadabo kumvetsera kulira kwake, anayang'ana bowo la pansi, kenako anafunsa kuti khutu linalo lili kuti.

Chatsala pano ndi nyali ya siginala. Ndili ndi kababu ka tochi yakufa ndi chitsekero cha botolo, koma kamtengo koikapo kakuthyoka ndikamaboola, ndathyola tiwiri, bango ndi lofewa kwambiri. Ndiyesa nthiti ya ambulera yomwe ndinatola ulendo wachiwiri uja. Pansi pa bedi pali mitu itatu yatsopano yofunda jumbo, umodzi ndi wa kondakitala, ndipo ndiyenera kuiwotcha mvula isanagwe chifukwa agogo akuti ikangoyamba iwo moto sayatsanso mpaka chaka chamawa.